Alamu akufuna kulembetsa boti lawo la ku Metangula m'dzina langa, ndivomere?

Mayi a Usipa: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani ikundisowetsa tulo, ndigawireniko nzeru. Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, kwawo ndi ku Mozambique, amakhala ku Metangula. Agula boti lalikulu ndithu lamatabwa, la injini ziwiri, lonyamula anthu ndi katundu. Akufuna liziyenda pakati pa Likoma ndi Nkhata Bay, akuti masiku amene Ilala palibe anthu amasowa chokwera. Tsono akuti poti iwo ndi mlendo, botilo tililembetse kuno m'dzina langa, ine ndizingolandira kangachepe mwezi ukatha. Ndalamayo ndikuifuna, ndisaname, usipa chaka chino sukuyenda. Koma mtima ukukana. Odziwa za panyanja, zimenezi zimatheka?

Mnyamata wa pa Jeti: Landirani ndalama mayi kkkk. Zili ngati minibasi basi, pa pepala dzina la wina, mwini wake wina. Vuto lili pati?

Kaputeni Wopuma: Mwana wanga wa pa jeti, minibasi ikafa injini anthu amatsika n'kuima m'mbali mwa msewu. Boti likafa injini kuseri kwa Chizumulu mwera ukuwomba, anthu atsikira pati? Mayi, ndiyambe ndafunsa. Botilo panopa lili ndi nambala ya ku Mozambique? Nanga mapepala ake mwawaona ndi maso anuwo?

Mayi a Usipa: Nambala ilipo a Kaputeni, yolembedwa ndi penti yoyera kutsogolo. Anatitumizira chithunzi. Mapepala sindinawaone.

Kaputeni Wopuma: Ndiye poyambira ndi pamenepo. Chombo chili ngati munthu, chimakhala ndi kwawo. Dziko limene chinalembetsedwa ndi limene mbendera yake chimakweza, ndipo ndi dziko lomwelo limene limachiyeza, kuchipatsa chiphaso, n'kunena kuti chizinyamula anthu angati. Chombo chimodzi sichikhala ndi mbendera ziwiri. Ngati boti la alamu anu likadali m'kaundula wa ku Mozambique, inu simungangolitenga n'kukalilembetsa kwa a Marine, ofesi ya boma yoona za zombo, ngati kuti mwalikhoma dzulo pa mchenga. Liyambe lafufutidwa uko, akupatseni kalata yosonyeza kuti alichotsa m'buku mwawo. Pakhalenso kalata yogulitsirana. Likamalowa kuno limakhala katundu wochokera kunja, a MRA ali ndi mbali yawo. Kenako anthu oyeza zombo aliona: matabwa, injini, majekete opulumutsira anthu, zozimitsira moto, ndi chiphaso cha woyendetsa. Lamulo lake lilipo, Inland Waters Shipping Act. Si nkhani yongopenta nambala ina pamwamba pa yakaleyo.

Njira ina ndi yoti likhalebe la ku Mozambique, lizibwera kuno ngati mlendo. Koma mlendo amabwera n'kubwerera. Kuchoka ku Cobue kufika pa Likoma ndi ulendo wa pakati pa mayiko awiri. Kunyamula anthu pa Likoma kukawatsitsa pa Nkhata Bay ndi malonda a m'kati mwa Malawi, ngakhale kuti pochoka pachilumbapo umayamba wadutsa madzi a ku Mozambique. Malonda otere mayiko ambiri amasungira zombo zawo, mlendo amachita kupempha chilolezo chapadera. Alamu anu zimenezi akuzidziwa, n'chifukwa chake akufuna dzina lanu.

Kalaliki wa ku Durban: Moni akuluakulu. A Kaputeni afotokoza za mbendera, ine ndiwonjezere za munthu woimira chombo, poti ndiyo ntchito imandidyetsa. Ndimagwira pa ofesi ya ma ejenti a sitima kuno. Sitima yakunja singangotulukira pakhomo pa doko ngati mlendo wodzapempha madzi akumwa. Isanafike, mwini wake kapena amene waibwereka amasankha ejenti wa konkuno, wodziwika kwa akuluakulu a doko ndi a kasitomu. Uthenga wa zachitetezo umayenera kutumizidwa kutatsala maola 96 kuti sitima ifike. Ife ndiye timapempha malo oimikapo, timaitanitsa payiloti wa padoko ndi timaboti tokoka sitima, timapereka mndandanda wa amalinyero kwa a zolowa ndi kutuluka, wa katundu kwa a kasitomu. Mlinyero akadwala dzino usiku, foni imalira ndi yanga. Akapezeka munthu wobisala m'sitima, foni ndi yanga yomweyo.

Chifukwa chake n'chapafupi. Mwini sitima ali ku Athens kapena ku Singapore, mbendera ndi ya Panama, kaputeni ndi wa ku Ukraine, amalinyero ndi a ku Philippines. Sitima ikagunda khoma la doko n'kunyamuka, boma la kuno likagwira ndani? Limafuna munthu amene ali ndi khomo loti n'kugogodapo. Mayi, chimene alamu anu akukupemphani n'choposa ntchito yangayi. Ine ndimangoimira mwini sitima, pa pepala zimaoneka kuti ndine woimira. Inu pa pepala mudzakhala mwini wake weniweni.

Mnyamata wa pa Jeti: Koma achimwene mwanena nokha kuti mwini ali ku Athens mbendera ya Panama. Ndiye kuti azungu nawonso amabwereka dzina eti? Iwo akachita ndi bizinesi, ife tikachita ndi mlandu?

Kalaliki wa ku Durban: Kkkk funso labwino. Kusiyana kwake n'koti Panama, Liberia ndi Marshall Islands anachita kukhazikitsa lamulo lolola alendo kulembetsa sitima kwawo. Mayiko atatu amenewa ndiwo ali ndi makaundula akuluakulu padziko lonse. Ndipo musadabwe, ofesi yaikulu ya kaundula wa Liberia sili ku Monrovia, ili ku Virginia, ku America. Ya Marshall Islands ilinso ku Virginia komweko. Mongolia, dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu lomweli, ili ndi kaundula wake woyendetsedwa ku Singapore. Koma ngakhale kumeneko mwini sitima amalembetsa kampani, n'kukhala ndi woimira amene makalata a khoti angafikireko. Zimachitika poyera. Za mayi athuwa n'zobisa, boma liziganiza kuti boti ndi la Mmalawi pamene si choncho.

Pangano la malamulo a panyanja la 1982 limanena kuti pakhale ubale weniweni pakati pa sitima ndi dziko la mbendera yake. Ubale wake ndi umenewo, wa pa intaneti kkkk.

Nachisale wa ku Leeds: Pepani ndalowerera. Inu mukunena za Mongolia, simunamve za ife? Mu 2025 nyuzipepala zolemba za sitima zinatulutsa nkhani yoti sitima zina zonyamula mafuta, zija zimazemba zilango zimene mayiko anaikira Russia ndi Iran, zinkayenda ndi mbendera ya Malawi yabodza. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa pa foni n'kundifunsa kuti kodi kwanu kuli doko? Ndinangoti tili ndi Chipoka ndi Chilumba kkkkk.

Mnyamata wa pa Jeti: Aaa ndiye kuti tili ndi sitima za mafuta koma pa filling station mzere mpaka kumsika?

Kalaliki wa ku Durban: Zoona achemwali, zinalembedwa. Mmene amachitira ndi motere: akathyali amatsegula tsamba pa intaneti lodzitcha ofesi ya zasitima ya dziko lakutilakuti, n'kumagulitsa ziphaso zosindikiza bwino, zachidindo ndithu. Sitima iliyonse yaikulu ili ndi kachipangizo kotchedwa AIS kamene kamaulutsa dzina lake, nambala yake ndi pamene ili, ndipo manambala atatu oyambirira a nambalayo amasonyeza dziko. A Malawi ndi 655, a Mozambique 650, a South Africa 601. Amangolowetsa 655 basi, padziko lonse n'kumaoneka ngati ndi yathu. Chimene sangasinthe mwachilungamo ndi nambala ya IMO, bungwe loona za sitima padziko lonse, ya manambala asanu ndi awiri, imene sitima imakhala nayo mpaka kukaiphwanya, kaya isinthe dzina kakhumi. Ife pa ofesi timayamba taona nambala imeneyo, dzina timaliona pambuyo. Ndipo mbendera ikadziwika kuti ndi yabodza, sitimayo imakhala yopanda kwawo. Asilikali a dziko lina atha kuikwera pakati pa nyanja, palibe boma loti liidandaulire.

Kaputeni Wopuma: Si ife tokha taonapo zotere. Anzathu a ku Tanzania mbendera yawo inali yeniyeni, yolembetsa kudzera ku Zanzibar, koma inawachititsa manyazi. Mu 2012 zinadziwika kuti sitima za mafuta za ku Iran zikukweza mbendera ya Tanzania. Pofika January 2018 a Magufuli analamula kuti kulembetsa sitima zakunja kuyambe kwaima, sitima zina za mbendera yawo zitagwidwa kunja ndi mankhwala ozunguza bongo komanso zipangizo zopangira mabomba. Dziko lathunthu linabwereketsa dzina, n'kudzazindikira kuti silikudziwa zimene zikunyamulidwa m'dzina lakelo. Mayi, boti likamanyamuka usiku ku Metangula, m'matumbamo mudzakhala mukudziwa muli chiyani?

Mayi a Usipa: Eee a Kaputeni mwandiopsa. Koma alamu angawo ndi munthu wopemphera, sangachite zimenezo.

Mbumba ya ku Cobue: Inenso ndiyankhuleko, chifukwa mukuwatenga alamuwo ngati chigawenga. Ife a mbali ino ndi a pa Likoma ndife amodzi. Chinyanja chathu n'chimodzi, tchalitchi chimodzi, odwala athu amawolokera ku chipatala cha St Peter's, nkhuni zophikira pa Likoma zambiri zimachoka kuno. Malire anaika ndi Angerezi ndi Apwitikizi, sanatifunse. Lero munthu akufuna kuthandiza mlamu wake kuti apeze ya sopo, mukuti mapepala mapepala. Chibale ndi fupa, sichiola. Agogo athu ankawoloka ndi ngalawa popanda chidindo cha munthu.

Kaputeni Wopuma: Mayi a ku Cobue, simukunama, ndipo ine ndadya nsima kwanuko kangapo. Bwato la nkhuni kapena ngalawa yopita ku maliro palibe akuikaniza. Koma pano tikunena za anthu makumi angapo olipira ndalama, amayi ndi ana kumsana, ulendo wa maola ambiri pa madzi akuya. Tsiku la tsoka boma silifunsa kuti chibale chinali bwanji. Limatsegula buku n'kuwerenga dzina.

Ndikuuzeni mmene tinkachitira tikamafika mbali ya kwanuko ndi sitima. Tisanaponye nangula, mnyamata ankakweza kambendera kakang'ono ka Mozambique pamwamba, ya kwathu ili kumbuyo monga mwa masiku onse. Kameneko ndi ulemu, kunena kuti odi, talowa m'mudzi mwa eni, malamulo anu tiwamvera. Ine ndinkatsika ndi chikwama cha pulasitiki, m'menemo muli chiphaso cha sitima, mndandanda wa ogwira ntchito, wa apaulendo, ndi kalata yotilola kuchoka pa doko lomwe tachokera. Tsiku lina mndandanda unasiyana ndi anthu, panali mayi wina amene anakwera ndi mdzukulu osamulembetsa. Tinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha kamwana kamodzi koyamwa chala. Ndinakwiya tsiku limenelo. Koma bambo wa ofesiyo anandifunsa kuti, sitima ikamira tidzafunafuna anthu angati? Ndinasowa choyankha.

Mlinyero wa ku Cape Town: Ine ndili mbali ya a Kaputeni, koma pa chifukwa china. Mukuiwala anyamata amene adzagwire ntchito m'botimo. Mwini weniweni akabisala, woyamba kulira ndi wantchito. Mukukumbuka kuphulika kwa ku Beirut pa 4 August 2020, kumene kunapha anthu oposa 200? Katundu amene anaphulikayo ankabwera kufupi ndi kwathu, ku Beira. Sitima yake inali Rhosus, ya mbendera ya Moldova, inanyamuka ku Batumi ku Georgia mu 2013 itanyamula matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza ndi zophulitsira. Inaima pa Beirut, akuluakulu a doko anaigwira chifukwa cha ngongole komanso kuti inali yosayenera kuyenda. Mwini wake anangoisiya. Kaputeni ndi anzake ochepa anakhala m'sitimamo miyezi yambirimbiri osaloledwa kupita kwawo, malipiro osalandira. Katundu anamutsitsira mu shedi ya padoko, anakhala momwemo zaka zisanu ndi chimodzi. Sitimayo inamira payokha mu 2018. Mpaka tsiku lophulika panalibe anabwera kudzamutenga katunduyo.

Masiku ano pangano la MLC la 2006, loteteza ufulu wa amalinyero, limakakamiza eni sitima kukhala ndi inshuwalansi yoti amalinyero akasiyidwa alipidwe ndi kubwezedwa kwawo, ndipo chiphaso chake chimapachikidwa poonekera m'sitima. Ine ndikakwera sitima yatsopano ndimayamba ndajambula pepala limenelo ndi foni. Koma pa boti la matabwa la pa Likoma, anyamata akapanda kulipidwa miyezi itatu adzapita pakhomo pa ndani? Pa mayi a Usipa.

Kalaliki wa ku Durban: Zandikumbutsa zimene zinatigwera pa ofesi chaka china. Tinalandira sitima ya kampani imene tinali tisanagwirepo nayo ntchito. Mwambo wake ndi woti timatumiza chiyerekezo cha ndalama zonse za padoko, iwo atumize ndalamazo sitima isanafike. Anatumiza theka, akuti yotsalayo ikubwera Lolemba. Abwana anamva chisoni, tinailowetsa. Oyendera sitima a boma atakwera anapeza pampu yozimitsira moto sikugwira, maboti opulumutsira anthu sakutsika, n'kuiletsa kunyamuka mpaka ikonzedwe. Kuyambira tsiku limenelo foni ya mwini wake inangoti zii. A doko bilu ankatumiza kwa ife. Amalinyero chakudya chitatha ankaimbira ine, ndinapitako ndi matumba a mpunga ndi makatoni a mazira pa galimoto ya ofesi. Mapeto ake maloya anakatenga chilolezo ku khoti, sheriff anakamata chikalata pa sitimapo kuti yamangidwa, inagulitsidwa pa okushoni. Tinapezako zina, osati zonse.

Kuno lamulo la 1983 la milandu ya panyanja ndi lolimba, utha kumangitsa ngakhale sitima ina ya mwini yemweyo ikangofika pa doko la kuno. Koma zimenezo zimafuna kuti udziwe mwini wake ndani.

Wa ku Nsanje: Nkhani ya chilolezo m'madzi a eni musatiuze ife a kuchigwa, tinaionera pafupi. Pa 23 October 2010 tinavala bwino kupita kukaona kutsegulira doko la Nsanje. A Bingu analipo, a Mugabe analipo, a Rupiah Banda analipo. Tinkadikira chombo chonyamula feteleza chochokera kunyanja yamchere kudzera mu Zambezi ndi Shire. Sichinafike, a ku Mozambique anachigwira m'njira. Iwo ankati kafukufuku woona ngati mitsinjeyo ingayendedwe komanso za chilengedwe anali asanachitike. Doko lili apo mpaka lero, ana amawedzapo nsomba.

Mnyamata wa pa Jeti: Imeneyo inali nsanje chabe, dzina la boma lanulo linalosera kkkk. Ankaopa kuti Beira ndi Nacala zisowa makasitomala.

Nachisale wa ku Leeds: Koma si paja dziko lopanda nyanja lili ndi ufulu wofika kunyanja? Ndinkaona ngati Mozambique inalakwa.

Kalaliki wa ku Durban: Ufuluwo ulipo m'pangano la 1982 lija, koma pangano lomwelo limati njira yake ndi ndondomeko yake mayiko awiriwo achite kugwirizana. Panyanja yamchere, m'kati mwa mamailosi 12 kuchokera kumtunda, sitima yakunja imaloledwa kungodutsa mwamtendere osaima kuchita malonda kapena kuwedza. Koma mtsinje ndi madzi a m'kati mwa dziko, uli ngati msewu wa ku Tete. Sungalowetsemo chombo popanda eni ake kuvomera, kaya chanyamula feteleza wa sabuside.

Wa ku Nsanje: Kaya, koma ife zinatipweteka. Anthu anagula malo kuno poyembekezera mzinda.

Adimini: Abale, za ndale tiziika pambali, tikudziwana pagulu pano. Mayi a Usipa anafunsa funso, tiwathandize afike pa chiganizo.

Mbumba ya ku Cobue: Ndiye mukuti awakanire alamu awo? Mng'ono wawo adzawayang'ana ndi diso lanji?

Kaputeni Wopuma: Sindinati akane. Ndikuti asabwereketse dzina. Ngati akufuna kulowa mu bizinesiyi alowemo ndi miyendo yonse iwiri. Akhale pansi atatu, iwo, mng'ono wawo ndi alamuwo, apite kwa loya alembetse kampani kuno, aliyense gawo lake lioneke pa pepala. Boti lifufutidwe uko, lilipiridwe msonkho, liyezedwe, likhale ndi inshuwalansi. Asanawononge ndalama ayambe apita okha ku ofesi ya Marine, anene chilungamo kuti mnzanga mu bizinesiyi ndi wa ku Mozambique, amve kuti pakufunika chiyani. Ndipo woyendetsa akhale wa chiphaso chovomerezeka kuno, ku Monkey Bay kuli sukulu yake. Mayi akhale ndi mphamvu yonena kuti lero mwera wakula boti silinyamuka, kapena kuti anthu akwana ena atsale. Ngati alamuwo mphamvu imeneyo sakufuna kuwapatsa, ndiye kuti akungofuna munthu wodzamangidwa m'malo mwawo.

Kalaliki wa ku Durban: Ndiwonjezere kamodzi. Afunseni alamuwo ngati amene anawagulitsa botilo analibe ngongole nalo. Ngongole zina za chombo zimatsata chombocho, osati munthu. Mutha kulipenta bwinobwino, kulipatsa dzina la mwana wanu, wina n'kutulukira ndi kalata yoti injini ziwirizo sanamalize kulipira.

Mayi a Usipa: Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Ndangomaliza kuyankhula nawo pa foni. Za kampani sanakane, angoti zichedwetsa, nyengo ya anthu ambiri ya Khirisimasi itipitirira. Nditafunsa mapepala a boti akuti akadali kwa mwini wake wakale, amene anasamukira ku Lichinga, ndipo dzina silinasinthidwe chifukwa ndalama yotsala sanamalize kupereka.

Mnyamata wa pa Jeti: Aaa ndiye boti si la alamu n'komwe kkkkk

Mbumba ya ku Cobue: Mmm. Apo nanenso ndakhala chete.

Kaputeni Wopuma: Likhale kaye pa mchenga ku Metangula komweko. Auzeni akwere ya ku Lichinga akatenge mapepalawo, mutitumizire chithunzi chake pano tiwerengere limodzi. Mayi a ku Cobue atithandiza Chipwitikizi.

Mbumba ya ku Cobue: Tumizani, koma mujambule mbali zonse ziwiri, chidindo chimakhala kuseri.